Yankho kwa alamu pa za njinga ya kaboni ija

Alamu, mwaswera bwanji? Funso lanu ndalimva, loti njinga ya kaboni mwagulayo, poti kampani yake siyodziwika, kodi singakuthyokereni pamsewu, ndiponso muyambire pati poti yafika ili m'katoni. Ndiyankhe ndi pakamwa, kulemba zitalika.

Dzinalo lisakudetseni nkhawa kwambiri. Mafelemu ambiri a kaboni, ngakhale a makampani otchuka, amapangidwa ku China ndi ku Taiwan, ndipo T700 kapena T800 mukuiona papepalayo ndi mitundu ya ulusi wa kaboni wa kampani ya Toray ya ku Japan. Pomwe amasiyana ndi pa kuyendera katundu asanatuluke mufakitale. Ndiye kuyenderako muchite ndinu. Ogulitsawo muwafunsenso ngati felemu inayesedwa pa muyezo wa chitetezo cha njinga wa ISO 4210, akutumizireni chikalata chake.

Musanakwere n'komwe, zulani foloko. Paipi yake yolowa mu felemu ija, steerer, ndiye malo oopsa kuposa onse, chifukwa ikathyoka muli pa liwiro hendulo imangotsala m'manja. Iunikeni ndi tochi kunja ndi mkati, muone ngati pali mng'alu, kamzere koyera kapena ulusi wonyenyeka. Mkatimo mukhale expander plug, kachitsulo kofufuma mukamanga bawuti yake, osati star nut, kachitsulo ka mano kokhomera kaja, imeneyo imadula ulusi. Plug imeneyi itsike mpaka kupitirira bawuti yam'munsi ya stem, chitsulo cholumikiza hendulo ndi steerer, kuti pomwe mukufinyapo pakhale pochirikizika. Ma spacer, timphete tokwezera hendulo, a pansi pa stem asapitirire 30 kapena 40 mm, ndipo pamwamba pake siyani kamodzi ka 5 mm. Ngati mapaipi a mabuleki adutsa mkati mwa headset, pa mabelingi omwe foloko imazungulirapo, dziwani kuti amatha kukhula steerer pang'onopang'ono mukamakhota, ndiye pakapita miyezi ingapo muzitsegulanso n'kuona.

Tsopano ichi ndiye ndikuchonderereni, alamu: kumanga mabawuti. Chitsulo chimayamba chapindika, mumaona. Kaboni ayi, imasweka mkati penti ili bwinobwino. Mabawuti a stem, a hendulo ndi a paipi ya chishalo nthawi zambiri amafuna 5 Nm yokha (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira), ndipo nambalayo imalembedwa pambali pa bawutiyo. Gulani torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangirayo, yaing'ono, yoyambira pa 2 Nm. Pa mabawuti anayi a hendulo muzimanga mopingasa, pang'onopang'ono, mpata wam'mwamba ndi wam'munsi ufanane, pokhapokha ngati stem yalembedwa kuti mbali ina itsekeke kaye. Makanika wozolowera njinga za kabaza amamanga mpaka dzanja kuwawa, ndipo pa njinga zimenezo akulondola, koma pa iyi muzikhala pomwepo ndi wrench yanu. Chishalo chikamatsika musawonjezere kumanga. Zulani paipiyo, pukutani, pakani carbon paste, ili ndi timchenga togwira. Girizi wamba amangowonjezera kuterera.

Vuto lenileni la kampani yaing'ono ndi masipeya. Lero lomwe itanitsani ma hanger awiri, kachitsulo kofewa komwe giya yakumbuyo imamangidwapo. Kanapangidwa kuti kazipindika njinga ikagwa, felemu ipulumuke, koma kawirikawiri felemu iliyonse ili ndi kakekake, ndipo akasiya kupanga mtunduwo mudzakasowa. Ngati hanger yake ndi UDH, mtundu wa kampani ya SRAM wokwana pa mafelemu ambiri, mwachita mwayi, imeneyo imapezeka mosavuta. Itanitsaninso kamphero komangira paipi ya chishalo, mulembe penapake manambala a mabelingi a headset. Bottom bracket, mabelingi a pakati pa felemu omwe amazungulira mukamapalasa, ngati ndi BSA yamazinga, palibe nkhani. Ikakhala yokanikiza, monga BB86, ndiye bowo lake likangophonya pang'ono imayamba kulira mukamapalasa ndipo mabelingi amatha msanga. Zimenezo musadzikonzere, uzani ogulitsa waranti isanathe.

Matayala, ndi maenje a misewu yathuyi, a 25 mm m'lifupi aiwaleni. Ikani 28, kapena 32 ngati felemu ikulola, bola patsale mpata wa 4 mm mbali iliyonse, apo ayi timiyala tizidya kaboni. Munthu wa makilo 70 mpaka 75 pa tayala la 28 mm angayambire ndi mpweya wa cha pa 70 psi, kutsogolo kucheperako. Muonenso limu. Ikakhala hookless, yopanda kamlomo kokola tayala m'mphepete, musadutse 72.5 psi, komanso imafuna matayala a tubeless (opanda chubu) ovomerezeka, apo ayi tayala limatha kuvuka.

Mabuleki a disiki atsopano sagwira bwino mpaka muwazoloweretse. Thamangani pang'ono, finyani mwamphamvu koma osaima kotheratu, kangapo konse mpaka 20. A Shimano amamwa mineral oil, mukathiramo mafuta a mabuleki a galimoto masilo, timphira totsekera mafuta, amafufuma, basi mwawononga. Tcheni cha magiya 11 kapena 12 muzisintha chikafika 0.5 pa choyezera kutha kwa tcheni.

Mukagwa, kapena njinga ikagunda khoma, itsukeni kaye, kenako gogodani ndi ndalama yachitsulo mozungulira pomwe yagundapo. Malo abwino amalira mowala, osweka amalira mogonthera. Kuyesa kumeneku sikugwira zonse ayi, ndiye mukakayika pa foloko kapena pa hendulo, musakwere, sinthani.

Jambulani serial number ndi felemu yonse isanayende, risiti musunge. Munditumizirenso chithunzi cha pa bottom bracket ndi zolembedwa pa limu, ndikuuzeni zoti muitanitse.