Yambani ndi zanyengo, kamera ndi cholembera zidzatsatira

Achemwali, mwafunsa ngati munthu angapeze chakudya pophatikiza kujambula zachilengedwe, kulemba ndi kulosera zanyengo. N'zotheka ndithu, koma zitatuzi musaziyese zolingana. Zanyengo ndiye zimafuna sukulu yeniyeni, ndipo n'zomwenso zili ndi malipiro a pamwezi. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la World Meteorological Organization linaika mlingo wa maphunziro a wolosera, ndipo tsinde lake ndi masamu ndi fizikisi. Pamenepo palibe kuzemba. Kumasulira zimene mabaluni oyezera nyengo amatumiza akakwera kumwamba kawiri patsiku kumafuna aphunzitsi, pomwe kujambula mungakuphunzire muli kale pantchito.

Chimene chimandikoka mtima ine ndi mmene kudziwa nyengo kumathandizira wojambula. Ena amangodikira mwayi. Inu mudzadziwa kuti mvula ikagwa masana, usiku kumwamba n'kuyera, mphepo n'kukhala bata, nthaka imazizira msanga ndipo m'mawa nkhungu imadzaza m'zigwa. Ndiye mumalawira kusanache n'kukaima pamtunda, chifukwa dzuwa likangotentha pang'ono nkhunguyo imabalalika. Utawaleza nawonso uli ndi lamulo lake: dzuwa kumbuyo kwanu, mvula kutsogolo, dzuwalo lili chotsika, losakwera kupitirira madigiri 42 kuchokera pomwe thambo limaoneka ngati lakumana ndi dziko. N'chifukwa chake dzuwa lili paliwombo simuuona. Za mphezi zokha ndikupempheni, musachite nazo masewera. Werengani masekondi kuyambira pong'anima mpaka bingu litagunda. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Akapanda kukwana 30, longedzani kamera mulowe m'nyumba kapena m'galimoto.

Zithunzi zanu musazipeputse. Mtambo wotchedwa asperitas, wooneka ngati mafunde a nyanja yowinduka, unalowa m'buku lofotokoza mitundu ya mitambo la International Cloud Atlas mu 2017 chifukwa anthu wamba okonda mitambo anaujambula mobwerezabwereza.

Kulemba ndiye kudzakusiyanitseni ndi anzanu. Akatswiri alipo ambiri odziwa zinthu, koma auzeni kuti afotokozere mlimi kapena msodzi tanthauzo la mwayi wa mvula wa 60 peresenti, mawu amawasowa. Amene angathe zimenezo, chithunzi chabwino chili pambali, nyuzipepala ndi magazini amamufuna. Ndalama zake zokha zimabwera modumphadumpha, choncho musafulumire kusiya ntchito ya pamwezi.

Yambani sabata ino ndi kabuku. Madzulo lembani zomwe mukuganiza kuti zichitika mawa ndi chifukwa chake, kukacha jambulani kumwamba ngakhale ndi foni, kenako lembani pomwe mwalondola ndi pomwe mwaphonya.