Khoma likumwa madzi a chiperoni

FUNSO: A Mmisiri, nyumba yanga ndi ya njerwa zowotcha zomangira dothi. Chiyambire chiperoni mu Juni muno, khoma la kuchipinda kwa ana likunyowa mpaka mkati, ndipo zofunda zikununkha chuku. Ndalama yokonzera ndidzaipeza mu Seputembala. Kodi pakadali pano ndingopaka penti wa oyilo kunja? Mayi wa ana atatu, Chitakale, Mulanje.

YANKHO: Mayi, pentiyo musagule. Mukapaka pakhoma lonyowa ndiye kuti mwatsekera madzi mkati, ndipo sachedwa kuchita matuza n'kuyamba kusupuka.

Ndikuganiza kuti khomalo ndi loyang'ana kum'mwera chakum'mawa. Chiperoni chimachokera kumeneko (dzinalo ndi la phiri la Chiperone ku Mozambique), ndipo chimabwera chopendekera ndi mphepo, masiku angapo osaleka, njerwa n'kumamwa pang'onopang'ono.

Koma muyambe mwaona kudenga. Ine ndinagumulapo pulasitala wa khoma lonse kwa mlamu wanga ku Luchenza, pomwe vuto linali msomali umodzi wosukusa palata. Mpaka lero amandiseka nazo.

Ngati denga lili bwino, gulani pepala lakuda la pulasitiki, lochindikala. Musalimate pakhoma ayi. Khomerani kaye nsungwi kapena timatabwa choimirira, pepalalo libwere pamwamba pake, kuti pakhale mpata wolowa zala zitatu. Kumtunda lilowe kunsi kwa malata. Kumunsi musalikwirire, lilekeze chapamwamba pang'ono kuti mpweya uzilowa n'kumaumitsa njerwa. Msomali uliwonse muziyamba mwaubaya pachitsekerero cha botolo, apo ayi mphepo ing'amba pepalalo usiku umodzi wokha.

Ming'alu yooneka muitseke tsiku lomwe kwacha bwino: fosholo imodzi ya simenti, mafosholo 4 a mchenga wosefa. Mukumbenso kangalande m'mbali mwa khomalo, madzi asamadikhe pamaziko.

Bedi la ana mulisunthe lero lomwe, ndipo zenera lizikhala lotsekula masana ngakhale kukuzizira. Chuku chimayambitsa chifuwa.

Seputembala akakwana chotsani pepalalo, khoma liwombedwe ndi dzuwa masabata awiri kapena atatu, kenako mupake pulasitala mvula ya Novembala isanagwe. Ndalama ikatsalako, m'malo mwa penti muwonjezere malata kuti denga litulukire kunja kumbali imeneyo.