Alamu, za backup ya ku shopu yomwe siikuyenda usiku

Alamu, ndamva funso lanu. Mwati script ya backup (fayilo ya malamulo yokopera mafayilo anu kuti asatayike) mukaidina ndi dzanja imayenda bwinobwino, koma pa Task Scheduler (pulogalamu ya Windows yoyendetsa ntchito yokha pa nthawi yoikika) munaiika 10 koloko usiku ndipo m'mawa mukupeza palibe chachitika. Script musaikhudze kaye, vuto kawirikawiri silikhala m'menemo.

Tsegulani Task Scheduler, mupeze task yanuyo (ntchito munaikayo), muone Last Run Time ndi Last Run Result. Mukaona 0x41303 kapena tsiku lakalekale, ndiye kuti siikudzuka n'komwe. Mukaona 0x1, ikudzuka koma ikufera panjira. Amenewa ndi matenda awiri osiyana.

Poti yanuyo ndi laptop, komanso mukudziwa mmene magetsi amazimira kuno ku Harare, ine mtima wanga uli pa tab ya Conditions ya task yanuyo. Windows imachongeratu yokha bokosi lolembedwa "Start the task only if the computer is on AC power". Magetsi akazima, laptop n'kukhala pa batire, task imangodumphidwa mwakachetechete. Chotsani chongacho. Ngati mumangotseka laptop poweruka, chongani "Wake the computer to run this task", koma dziwani kuti ikazimitsidwa kotheratu palibe chingaidzutse. N'chifukwa chake ku Settings muchongenso "Run task as soon as possible after a scheduled start is missed", kuti ikaphonya usiku iziyenda mukangoyatsa m'mawa.

Tsopano ngati ndi 0x1, pitani ku Actions, dinani Edit. Pali malo olembedwa Start in. Mukawasiya opanda kanthu, script imayambira mu C:\Windows\System32, ndiye mafayilo amene imawafuna pafupi ndi iyo siiwapeza. Lembanimo foda yeniyeni, monga C:\Backup, popanda ma quotes, chifukwa pamenepa amasokoneza. Script ikakhala ya PowerShell, pa Program lembani powershell.exe, pa arguments lembani -ExecutionPolicy Bypass -File kenako njira yonse ya fayiloyo.

China, ee, chimene chimagwira anthu ambiri. Mukasankha "Run whether user is logged on or not", drive ya pa netiweki imene mumaiona ngati Z: task siiona. Mu script mulembe \\dzina-la-kompyuta\foda m'malo mwa Z:. Ndipo ngati munasintha password ya Windows posachedwa, ilembeninso mu task, apo ayi ikanabe kulowa.

Musadikire usiku kuti muyese. Kumanja dinani Enable All Tasks History, kenako right-click pa task, musankhe Run, mutazula chaja. Ngati script ndi ya .bat, pa Program ikani cmd, pa arguments /c C:\Backup\backup.bat >> C:\Backup\log.txt 2>&1, kuti chilichonse chimene ikudandaula chilembedwe. Mujambule log.txt ndi tab ya History mutumize kuno ku gulu, koma muonetsetse kuti password siikuoneka pa chithunzicho.