Warranty ya galimoto yaliwiro imathera pa boda

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: mmene ntchito yathu yobweretsa magalimoto imayendera, komanso ngati ndi nzeru kuwonjezera ndalama za extended warranty ndi maintenance plan pa Volkswagen Golf GTI yoyenda kale imene wogulitsa wa ku Joni akukukakamizani. Yankho lalifupi ndi lakuti ngati galimotoyo ikubwera kudzakhala ku Lilongwe, ndalama imeneyo musapereke. Ikadakhala yoti muziyendera ku Joni konko, ndikadayankha mosiyana. Ndifotokoze chifukwa chake, koma tiyambe ndi msewu umene galimoto imadutsa, popeza nkhani yonse yagona pamenepo.

Magalimoto ambiri amene timabweretsa ndi a ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imapita ku shaken, kumene boma limayendera ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo anthu ambiri amaigulitsa nthawi imeneyo ikayandikira. Imalowa pa okushoni ngati ya USS, woyendera amailembera pepala: giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pachithunzi cha galimoto papepalapo, A ndi pokalika, U ndi pophwanyika pang'ono, XX ndi chitsulo chosinthidwa. Ikakwera sitima imatsikira pa Dar es Salaam, dalaivala n'kuiyendetsa makilomita opitirira 900 kudzera ku Morogoro, Mikumi, mapiri a Kitonga, Iringa, Mbeya mpaka pa Songwe. Zina zimatsikira ku Durban, koma zimenezo South Africa salola kuti zilembetsedwe m'dziko mwake, zimakhala m'mabondi kudikira ife a maiko oyandikana nawo. GTI yanuyo ndi yamtundu wina: ili ndi nambala ya ku South Africa kale, ndiye pafunika chikalata cha apolisi cha SARPCCO chosonyeza kuti si yakuba, chilolezo chotulutsira cha ITAC, kenako Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kudzalowera pa Mwanza kapena pa Dedza. Pakhomo pano a MRA amayang'ana zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Galimoto yaliwiro kawirikawiri imalakwa ponse pawiri, ndi yakale komanso injini ndi yaikulu, ndiye msonkho wake musauyerekeze ndi wa Vitz.

Tsopano mapepala amene akukugulitsaniwo. Ali mitundu itatu ndipo ogulitsa amakonda kuwasakaniza pakamwa. Service plan imalipira sevisi yanthawi zonse, oyilo ndi mafyuluta, basi. Maintenance plan imawonjezera zinthu zimene zimatha ndi kuyenda, monga mabuleki, kilachi, mawaipa. Warranty ndi ya chinthu chimene chafa mwadzidzidzi, injini kapena giyabokosi. Ku South Africa BMW yatsopano imatuluka ndi Motorplan ya zaka zisanu kapena makilomita 100,000, Audi ili ndi Freeway Plan yofanana nayo. Izi ndi za fakitale yeniyeni. Koma galimoto ya zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi, zimene ife timakwanitsa, pulani ya fakitale inatha kalekale. Chimene wogulitsa akukupatsani pa galimoto yotere ndi inshuwalansi ya kampani ina yapadera, ndipo iyeyo amadyapo komishoni pa iliyonse imene wagulitsa. N'chifukwa chake akuumirira chonchi.

Muuzeni akutumizireni chikalata chonse, osati kapepala kamitundumitundu kaja. Mukatsegula, pitani kaye pamene alemba maiko amene chikalatacho chimagwira ntchito. Zambiri zimatchula South Africa ndi maiko ochepa oyandikana nayo. Ngakhale mutapeza Malawi atalembedwa, werengani mzere wotsatira, chifukwa amatanthauza munthu wa ku Joni amene wabwera kudzacheza kunyanja kwa masabata awiri, osati galimoto imene yachotsedwa m'kaundula wawo n'kuvala nambala ya kuno. Kenako pali lamulo la garaja. Amafuna sevisi iliyonse ichitikire kwa dila kapena pa garaja yovomerezedwa ndi RMI, bungwe lawo la amagaraja, pa nthawi yake, ndi risiti yosindikizidwa. Makaniko wanu wa ku Biwi, ngakhale atakhala katswiri woposa onse a ku Randburg, sali m'bungwe limenelo. Sevisi yoyamba imene adzakuchitireni ndiyo idzaphe chikalatacho. Ndipo chinthu chikawonongeka saloleza kuti mukonze kaye n'kukatenga ndalama pambuyo. Mumayamba mwaimba foni, iwo atumize woyendera, galimoto imasulidwe, aone. Akakana, ndalama yomasulira ndi yanu. Woyendera ameneyo sakwera basi kubwera ku Area 25.

Ogulitsa a ku Japan nawo ena amaika ka warranty kawo pa invoice. Kameneko n'kosiyana ndi inshuwalansi ya panyanja imene ili mu mtengo wa CIF (wophatikiza galimoto, inshuwalansi ndi sitima), yoteteza galimoto ikawonongeka kapena kutayika m'sitima. Ya panyanjayo musaisiye. Ka warranty kaja kamakhala ka nthawi yochepa, ndipo kamathandiza pa chinthu chimodzi chokha, galimoto ikafika injini kapena giyabokosi ili yakufa kale. Ngati mtengo wake ndi wochepa, ndimawauza makasitomala kuti atenge, koma ajambule vidiyo galimoto ikungotuluka padoko, isanayambe ulendo wa ku Mbeya, chifukwa ikafika ku Karonga wogulitsa adzati anaipha ndi dalaivala.

Tiyerekeze kuti chikalatacho chikanagwira ntchito kuno. Pa galimoto yaliwiro palinso misampha ina imene mwini Corolla sakumana nayo. Woyamba ndi malire a ndalama pa chiwalo chilichonse. Amalemba kuti injini timalipira mpaka apa, giyabokosi mpaka apa, turbo mpaka apa, ndipo malirewo amatsika galimoto ikamakalamba. Manambala amenewo anawawerengera pa magalimoto wamba. Pa Polo amakwanira, pa injini ya V8 ya BMW M3 amangogula magasiketi ndi ntchito ya makaniko. Wachiwiri ndi mawu akuti wear and tear, kutha kwa chinthu chifukwa choyenda. Galimoto ya makilomita 140,000 palibe chiwalo chimene sangachinene kuti chinangotha. Wachitatu ndi kusintha kompyuta ya injini. GTI zambiri za ku Joni anyamata anazichita remap kuti zizithamanga kwambiri ndi kuphulika kumbuyo kuja, vrr-pha. Volkswagen ndi Audi ali ndi chizindikiro chotchedwa TD1 chimene kompyuta ya dila imaika pa galimoto yosinthidwa, ndipo chikaikidwa nkhani ya warranty ya injini yatha, ngakhale anasintha ndi mwini wake woyamba inu musakudziwa. Mpikisano wa pabwalo nawo salipira. Pamene Nissan GT-R R35 inali yatsopano, cha m'ma 2008, eni ake ena ku America anaphwanya magiyabokosi ponyamuka mwaliwiro atazimitsa VDC, kompyuta yothandiza kuti galimoto isaterereke, ndipo warranty inakanidwa mpaka nkhani inakafika kukhoti. Imeneyo inali galimoto yatsopano ndi warranty ya fakitale. Nanga yanu ya kampani yapadera?

Chimene chimandithandiza ine pa ntchitoyi si warranty, koma kudziwa matenda a galimoto iliyonse, chifukwa magalimoto aliwiro amadwala matenda odziwika ngati a kumtundu. Mazda RX-8, imene inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012, ndi yotchipa pa okushoni mpaka mtima kudumpha, koma injini yake ya rotary imataya kompuresheni, imavuta kulira ikatentha, ndipo amakaniko oidziwa kuno ndi owerengeka. Ku America kampani ya Mazda inachita kuwonjezera warranty ya injiniyo kufika zaka zisanu ndi zitatu kapena mamailosi 100,000. BMW 335i ya injini ya N54 ili ndi pampu ya petulo imene inavuta mpaka BMW inawonjezera warranty yake kumeneko kufika zaka khumi. M3 ya E92 ndi ma bearing a m'kati mwa injini. Porsche Boxster ndi 911 za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zili ndi IMS bearing, kachitsulo kochepa kamene kakaphwanyika injini yonse yapita. Subaru WRX STI imathyola mapisitoni ikamwa petulo wofooka uku ikukankhidwa. GTI yanuyo, ngati ndi Mk6, mtundu wachisanu ndi chimodzi wa Golf, funsani za tensioner, kachitsulo kokunga tcheni ya m'injini, ndipo ngati ili ndi giyabokosi ya otomatiki yotchedwa DSG funsani risiti yosonyeza kuti oyilo wake ankasinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse. Wogulitsa akayamba kuyankha za mtundu wa mipando ndi mawilo, mudziwe kuti risitiyo palibe.

Ndisakunamizeni kuti mapepalawa ndi achabe kulikonse. Muli ndi abale ku Joni ndi ku Mangalande, ndipo kwa iwo masamu ake ndi ena. Munthu wokhala ku Midrand amene wapeza BMW M2 kapena Audi S3 yotsala ndi chaka cha Motorplan kapena Freeway Plan, awonjezere pulaniyo isanathe, chifukwa dila ali pafupi, sipeya ndi yeniyeni, ndipo podzagulitsa buku lodzaza ndi zidindo limakweza mtengo. Ku Britain, Porsche Approved, warranty ya kampani ya Porsche pa magalimoto oyenda kale, imafika mpaka galimoto ya zaka 15, koma amayamba aiyendera mfundo 111, ndipo pa galimoto imene kukonza injini kumaposa mtengo wa Fit zingapo, ndalama imeneyo ndi yomveka. Komanso kumeneko malamulo amateteza wogula ngakhale popanda warranty. Ku South Africa, Consumer Protection Act imapatsa munthu wogula kwa dila miyezi isanu ndi umodzi galimoto ikapezeka ndi vuto, ndipo kuyambira pa 1 July 2021 dila sayenera kumata service plan pa mtengo wa galimoto popanda kukuuza mtengo wake padera. Ku Britain lamulo la 2015 limapereka masiku 30 obweza galimoto yolakwika. Zonsezi zimafuna kuti galimoto ibwerere pakhomo pa wogulitsa. Kuchokera ku Lilongwe, mtengo wa kariya yokha kupita ndi kubwera ukhoza kugula giyabokosi ina.

Ndiye palinso zimene zimapha magalimoto otere kuno, zimene palibe warranty padziko imene imalipira. Galimoto yaliwiro ndi yofupika, mimba ili pafupi ndi nthaka. Hampu imodzi ya pamsika wa m'mbali mwa M1, kapena dzenje lobisika ndi madzi nthawi ya dzinja, sampu yang'ambika, oyilo yense pansi, ndipo mukayenda nayo mita mazana awiri injini yagwira. Matayala ake opyapyala aja amatupa m'mbali, rimu kupindika, saizi yake kusowa m'tauni monse. Izi amaziwerenga ngati ngozi, ndi za inshuwalansi ya comprehensive, ndipo imeneyo ndiyo ndimati musaumire. Petulo nayenso. Ku Japan magalimotowa amamwa wa octane wapamwamba, pamene kuno pampu ndi imodzi kwa aliyense, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi Chikwawa. Nthawi ya kusowa kwa mafuta munthu amatopa pamzere n'kukagula wa m'zigubu, amene sudziwa kuti anathiramo chiyani. Probox imameza n'kupitirira. Injini ya turbo ya direct injection imakubwezera ndi ma injector. Mafuta oipa nawonso analembedwa pa mndandanda wa zimene salipira.

Ndalama imene mukanapereka kwa wogulitsayo igaweni motere. Gawo loyamba lipite kwa woyendera wodziimira payekha galimoto isanachoke ku Joni, kaya DEKRA kaya garaja yodziwa Volkswagen imene si mnzake wa wogulitsa. Aikweze m'mwamba, aiike pakompyuta, ayeze kompuresheni, aone ngati inasinthidwa pulogalamu, ayerekeze makilomita a pa dashibodi ndi a m'mabuku a sevisi. Wogulitsa wokana zimenezi wakuyankhani kale. Gawo lachiwiri mugule masipeya komweko galimoto isananyamuke, adzere m'buti: mafyuluta a sevisi ziwiri kapena zitatu, oyilo woyenera, ma coil ndi mapulagi, pampu ya madzi, mabuleki, oyilo ndi fyuluta ya DSG, tayala limodzi kapena awiri. Muwalembetse pa boda, musabise pansi pa mpando, chifukwa akapezeka chilango chake chimaposa msonkho. Ngati matenda a kumtundu aja sanakonzedwe, monga tensioner, akonzeretu ku Joni kumene sipeya imapezeka tsiku lomwelo. Kuno muidikira masabata, kudalira mnzanu wa basi kapena wa thiraki.

Chotsalacho musunge, koma mosamala. Mukukumbukira November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasunga ndalama yokonzera galimoto mu akaunti anadzuka ikugula masipeya pafupifupi asanu ndi awiri okha pa khumi alionse amene ikanagula dzulo lake, chifukwa sipeya ya galimoto yotere mtengo wake ndi wa randi kapena dola. N'chifukwa chake ine ndimakonda kusunga chitsulo pa shelefu kusiyana ndi kwacha kubanki. Ndipo musanatumize dipoziti, pezani kaye makaniko wa kuno amene ali ndi kompyuta yowerenga Volkswagen, amene anatsegulapo DSG ndi manja ake, mumufunse kuti injini ya hafukati, yochokera m'galimoto yodulidwa pakati, ya ku Dubai ya galimoto imeneyi ikupezeka pa zingati panopa. Akakuuzani mtengo, muone ngati mungautulutse mwezi umodzi osakongola kwa katapila. Ngati simungathe, ndiuzeni tiyang'ane Toyota 86 kapena Swift Sport, zimene injini zake zilibe turbo pa mitundu yakaleyo ndipo masipeya ake savuta kwambiri. Nditumizireni nambala ya chesisi ndi chithunzi cha tsamba lililonse la buku la sevisi, ndione kaye tisanakambe za mtengo wobweretsera.