Funsani Dokotala: Mwendo anaudula, koma phazi likuwotchabe

Funso: Adokotala, amuna anga anali msilikali. Anaponda bomba lokwirira pansi ali pa ntchito, moti mwendo wakumanzere anaudula m'munsi mwa bondo. Chaka chatha anawapumitsa usilikali. Chibwerereni kunyumba sagona, amati phazi lomwe kulibelo likuwotcha, chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka, ndipo ayamba kumwa kwambiri. Kodi mutu wawasokonekera?

Yankho: Ayi mayi, si misala. Za phazizo sakunama: ambiri mwa anthu odulidwa chiwalo amamva ululu wotere. Mitsempha yomwe inadukayo imatumizabe uthenga, ndipo ubongo sunavomereze kuti phazilo linapita. Paracetamol sathandiza kwenikweni pa ululu wa mitsempha, n'chifukwa chake timapereka amitriptyline kapena gabapentin. Palinso njira ya galasi, yomwe katswiri wa ubongo V. S. Ramachandran anaifotokoza m'zaka za m'ma 1990. Amuna anuwo aike galasi pakati pa miyendo, aziyang'ana chithunzi cha mwendo wabwinowo uku akuugwedeza, mphindi 15 tsiku lililonse. Zimaoneka ngati masewera a ana, koma ena amapepukidwa nazo. Mbali yotsala ya mwendo wodulidwawo imaphwa m'miyezi yoyambirira, choncho ngati ali ndi mwendo wochita kupanga ndipo wayamba kukhwepa kapena kusupula khungu, akaukonzetse msanga.

Kusagona ndi kudzidzimukako ndi nkhani ina. Zikapitirira mwezi umodzi, makamaka ngati akulotanso za tsiku la ngoziyo n'kumazemba chilichonse chowakumbutsa, timaganizira PTSD, matenda a maganizo obwera munthu akakumana ndi zoopsa kwambiri, omwe anapatsidwa dzinali mu 1980 ngakhale asilikali akhala akuvutika nawo kuyambira kalekale. Thupi linazolowera kukhala tcheru kuti lipulumuke, ndiye silinamve kuti nkhondo inatha. Chithandizo chenicheni ndi kukumana ndi katswiri wa maganizo sabata ndi sabata, n'kumaibwereza nkhaniyo pang'onopang'ono mpaka itasiya kuluma. Mankhwala a sertraline amathandizanso, koma amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti aonetse mphamvu. Diazepam, mankhwala ogonetsa aja, ine sindimulimbikitsa, amazolowereka msanga ndipo akasakanikirana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma. Mowawo umawagoneka inde, koma tulo take timadukaduka ndipo maloto oipa amachuluka.

Chimene mabanja ambiri sachiona n'chakuti msilikali akavula yunifolomu amataya zambiri kuposa malipiro. Anali ndi ola lodzukira, womulamula, anzake omwe ankadalirana nawo pa imfa ndi moyo. Lero tsiku lonse lili mbee. Musawachitire zonse chifukwa cha chisoni. Akhale ndi ntchito yawoyawo pakhomopo, yomwe ikapanda iwo siichitika. Ndipo ngati akukana za kuchipatala, pezani mnzawo wa ku usilikali adzawaperekeze, mawu a mnzawo amalowa pomwe anu akukanika. Koma akayamba kunena zoti bola kufa, kapena akakwezera dzanja inu kapena ana, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mfuti ndi mankhwala ambiri zisapezeke pafupi nawo.

Funso: Ndinasiya usilikali zaka zitatu zapitazo, koma makutu anga amangolira usana ndi usiku. Kodi zidzatha?

Yankho: Bambo, phokoso la mfuti ndi mabomba limawononga timaselo ta m'kati mwa khutu, ndipo sitimeranso. Kulirako mwina sikutheratu, koma ubongo umazolowera mpaka kumaiwalako. Kapimitseni makutu, chifukwa kawirikawiri kumva kumakhala kutatsikanso, ndipo kachipangizo kothandiza kumva kamaphimba kulirako. Pogona yatsani wailesi chapansipansi, ndipo mukakhala pa makina aphokoso muzitseka makutu.