Amayi a ku Kanyama, musalembe kuti ana akufa

Kalata yanu, amayi, yandigwira mtima. Mwati inu a Chigwirizano cha amayi a mpingo mukusonkhera mayi wamasiye amene nyumba yake inagwa ndi mvula ku Kanyama muno mu Lusaka, uthenga munatumiza pa WhatsApp koma anthu ali zii, ndiye mwana wa mlongo wanu akuti muthireko moto: mulembe kuti "ZOOPSA, ANA AKUFA," muikenso chithunzi cha mwana akulira. Mukufunsa ngati n'kulakwa.

Mnyamatayo sakunama, mawu otere amagwiradi ntchito. Munthu akawaona chala chimaima chokha pafoni, mtima n'kugunda asanaganize n'komwe. Mantha ndi mkwiyo zimayenda msanga kuposa nzeru. N'chifukwa chake ine ndimawaopa.

Kumayambiriro kwa 2020 ndinkakhala ku Chawama, nthawi ija ya anthu opopera mankhwala m'nyumba za anzawo. Nkhaniyi inayambira ku Chingola, posakhalitsa inali muno mu Lusaka. Kukangoda, foni inkayamba kulira. "AFIKA! DZUKANI! TETEZANI ANA ANU!" Kenako mawu ojambulidwa a mzimayi akusisima, osatchula dzina lake, osanena nyumba yake ili pati. Aliyense ankangotumiza kwa mnzake, poganiza kuti akupulumutsa moyo. Tinkatseka mipata ya mazenera ndi nsanza zonyowa, ana tikuwagoneka pakati pathu. Anyamata ankachezera pamsewu, matayala akuyaka, m'manja muli zikwanje ndi mipini.

Usiku wina anagwira bambo amene ankadutsa ndi chikwama kumsana. Ndinamuona ndi maso angawa atagwada m'matope, manja m'mwamba, milomo ikunjenjemera moti dzina lake lomwe linkamukanika. Atakhuthula chikwamacho munatuluka chipande chomangira nyumba, malaya akuda ndi simenti, ndi botolo la madzi akumwa. Wina anakuwa kuti botololo ndiye mankhwalawo. Chinamupulumutsa n'chakuti gogo wina wogulitsa makala anamuzindikira, nalowa pakati pa anyamatawo akunena kuti, "Uyu anandimangira chimbudzi, musiyeni mwana wa eni." Ena sanapeze gogo wotere. Anthu pafupifupi 50 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya m'dziko muno pa nthawi imeneyo.

Sikanali koyamba. Mu April 2016, mitembo itapezeka ku Zingalume, mphekesera inaloza anthu ochokera ku Rwanda, mashopu awo anaswedwa, ndipo kwanu konko ku Kanyama anthu awiri anawotchedwa. Abale athu ku Malawi anaona zomwezi mu 2017 ndi nkhani ya anamapopa ku Mulanje ndi Phalombe. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza.

Mwina mukuti, koma zathu n'zachifundo, sitikufuna kupweteka munthu. Ndikudziwa, amayi, ndipo mtima wanu sindikuukayikira. Komabe ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa. Wolemba kuti ana akufa pamene ana ali moyo akubera mayi wina amene mwana wake adzakhaladi pafupi kufa mawa. Kumbukirani January 2024, kolera itavuta mpaka boma kusandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, masukulu n'kukhala otseka mpaka pa 12 February. Pamenepo ana ankafadi. Koma ndinamva anthu ena m'basi akuti, "Aaa, za pafoni izo, amangokokomeza." Anawaumitsa mtima ndani? Ndi ife tomwe, amene timakuwa zoopsa pa chilichonse. Zili ngati kondakitala wofuula kuti "watsala mmodzi, tikunyamuka" basi ili ndi anthu atatu: amakukwezani lero, mawa ngakhale anene zoona mumangomudutsa.

Ndipo amalonda nawo alowerera. Wogulitsa salaula akuti "mudzalira mukaphonya," wa mankhwala azitsamba akuti "madokotala akukubisirani," wa ngongole akuti "tsanzikanani ndi umphawi lero." Zimandipweteka kwambiri ndikaona a mpingo akutengera kalankhulidwe komweko, chifukwa mpingo ndi malo amodzi otsala kumene mawu a munthu amakhulupiriridwabe.

Kwathu ku Katete wobwera ndi uthenga wa maliro sakuwa. Amafika, amakhala pansi, amapereka moni, kenako motsitsa mawu amati agogo uje atisiya. Pofika madzulo mudzi wonse uli pasiwa, wina ndi ufa, wina nkhuni, wina nkhuku. Chimawadzutsa n'chakuti womwalirayo akumudziwa, wonenayonso akumudziwa.

Tsono mulembe chiyani?

Sindikuti mulembe mozizira ngati kalata ya ku ofesi. Chisoni chilipo, chionetseni, koma chikhale chimene munachiona. Ngati khoma linagwera pa mphika ndi mabuku a ana, nenani zimenezo. Ngati banjalo likugona pakhonde la oyandikana nawo, nenani. Tchulani chofunika: matumba a simenti angati, malata angati, mtengo wake m'makwacha, zimene mwasonkha kale ndi zimene zatsala. Ikani dzina lanu ndi la msungichuma, ndipo muzibweranso kudzanena pamene zafika. Anthu khumi amene mukuwadziwa bwino muwaimbire foni mmodzimmodzi, chifukwa pagulu aliyense amayesa kuti mnzake wapereka kale.

Chithunzi cha mwana akulira chija musachitumize. Mwanayo adzakula, ndipo foni siiwala. Jambulani khoma logwalo, mayiyo atavomera. Mukakonza uthengawo munditumizirenso, pamodzi ndi nambala ya msungichuma wanu. Ndili ndi malata awiri otsala kuseri kwa nyumba, tipangane za wowanyamula Loweruka.