Yankho: Kodi a ku Cambodia amaumba bwanji miphika popanda gudumu?

Achemwali, mwafunsa kuti miphika ya anthu a Chikhmer, mtundu waukulu wa ku Cambodia, imatuluka bwanji yobulungira chotere pomwe sagwiritsa ntchito gudumu lozungulira. Chinsinsi chake n'chakuti amene amazungulira ndi woumbayo, osati mphika.

Ntchitoyi yakhazikika kwambiri m'chigawo cha Kampong Chhnang, ndipo dzinali limatanthauza doko la miphika. M'mudzi wa Andong Russei amayi amatenga dongo pafupi ndi phiri la Phnom Krang Dei Meas, n'kulipondaponda mpaka lifewe. Kenako amaika chibuma cha dongo pa chitsa chofika m'chiuno, ndipo mayiyo amayenda mozungulira chitsacho akukweza khoma la mphika ndi manja. Mlomo amausalaza ndi kansalu konyowa.

Gawo lomwe ine limandigwira mtima limabwera mphika ukayamba kulimbako. Dzanja limodzi amalowetsa m'kati atagwira kachida kadongo kooneka ngati bowa, kunja akumenya ndi kathabwa. Kumenyako n'komwe kumafutukula mimba ya mphika, kupepukitsa khoma ndi kutseka pansi. Kathabwa kena kamakhala kogoba, choncho kamasiya zokongoletsa pomenyapo.

Miphikayo ikauma, amaiotchera pabwalo ndi nkhuni ndi mapesi a mpunga, monga agogo athu amaotchera mbiya, ndipo imatuluka yofiirira. Musaisokoneze ndi mitsuko yonyezimira ya nthawi ya Angkor, ufumu wakale wa anthu a Chikhmer; ija inkaotchedwa m'ng'anjo. Miphika yakumudziyi, pamodzi ndi mbaula zadongo, ankaipakira m'ngolo za ng'ombe, ataiyalira udzu, n'kukaigulitsa m'zigawo zakutali.